Kapangidwe ka filimu yaifupi yoika mtima m'mwamba pa nkhani ya tsankho

Pakati pa 2019 ndi 2022, mphoto ya Oscar ya filimu yaifupi yosewera anthu inapita katatu kwa mafilimu okamba za tsankho, ndipo onse atatu ndi oti munthu umaonera utagwira mtima. Skin ya Guy Nattiv, imene inapambana mu 2019, imayambira pa kanthu kochepa: bambo wachikuda amwetulira kamwana ka mzungu m'sitolo, ndipo bambo a kamwanako ndi anzawo amumenya koopsa pamalo oimika magalimoto. Two Distant Strangers ya Travon Free ndi Martin Desmond Roe, yopambana mu 2021, ndi ya mnyamata wa ku New York amene akungofuna kubwerera kunyumba kwa galu wake, koma wapolisi wachizungu amamupha, iye n'kudzukanso m'mawa womwewo, n'kuphedwanso. The Long Goodbye ya Aneil Karia ndi Riz Ahmed, ya mu 2022, imaonetsa banja la ku Britain lochokera ku South Asia likukonzekera ukwati m'nyumba, mpaka anthu a zida atulukira pamsewu apolisi akungoyang'ana.

Mafupa a mafilimu atatuwa ndi amodzi. Munthu akufuna chinthu wamba, chimene aliyense amayenera kuchipeza popanda kupempha. Wina wamphamvu waima panjira. Ndipo kulibe kokadandaula, chifukwa woyenera kulandira dandaulo ali mbali ya wopondereza. Mantha a woonera amachokera pa mfundo yachitatuyi, osati pa magazi. Mukaimvetsa, zina zonse ndi ntchito ya manja.

Nkhani yake ichokere kuti

Musakope wapolisi wa ku America n'kumuveka yunifolomu ya kuno. Nkhani ya Two Distant Strangers inabadwa George Floyd, munthu wakuda, ataphedwa ndi wapolisi wachizungu ku Minneapolis pa 25 May 2020, ndipo mphamvu zake zili m'mbiri ya dziko limenelo. Kwathu kupondereza kuli ndi nkhope zake. Mpaka mu January 2017, pamene khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Gwanda kuti gawo 184(1)(c) la Penal Code, lamulo la milandu ya upandu, likutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, munthu ankatha kumangidwa pa mlandu wa vakabu chifukwa chongopezeka akuyenda usiku. Mwini mlanduwo anali wogulitsa majumbo amene anagwidwa akulawirira ku geni. Wa galimoto sankafunsidwa, wa wapansi ndiye ankagona m'chitokosi. Palinso Amalawi amene anathamangitsidwa m'makomboni a ku South Africa mu 2008 ndi 2015, anthu achialubino amene amaopa phazi lililonse lomveka kuseri kwa nyumba, ndi antchito a m'nyumba amene amasechedwa chikwama pageti tsiku lililonse.

Mukasankha, chezani ndi anthu osachepera asanu amene zinawachitikira. Afunseni zazing'ono: anali atanyamula chiyani, mawu oyamba amene anauzidwa anali otani, ndani anaonerera osalankhula. Mawu oyamba aja ndi golide, chifukwa simungawapeke muli pa desiki. Auzeni poyera kuti mukupanga filimu, ndipo sinthani mayina, malo ndi chilichonse chimene chingawaulule.

Kulemba sikiriputi

Tsamba limodzi lolembedwa m'kalembedwe ka mafilimu, zilembo za Courier saizi 12, limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa sikirini. Oscar imati filimu ndi yaifupi ngati isapitirira mphindi 40 kuphatikiza mayina a kumapeto, koma mpikisano wa mafilimu aafupi pa chikondwerero cha Cannes ku France umalekezera pa mphindi 15. Lembani masamba 10 mpaka 14. Okonza zikondwerero amasonkhanitsa mafilimu angapo m'chionetsero chimodzi, ndiye filimu ya mphindi 30 imadya malo a mafilimu awiri kapena atatu. Kuti aitenge iyenera kuposa onsewo. The Long Goodbye ili ndi mphindi pafupifupi 12 zokha.

Malo akhale amodzi kapena awiri, anthu olankhula asapitirire anayi, ndipo nkhani ichitike m'nthawi yochepa yoti woonera angathe kuiwerenga. Nachi chitsanzo chopeka chongoonetsera kagawidwe ka masamba. Mayi wogwira ntchito ya m'nyumba walandira foni kuti mwana wake wagonekedwa kuchipatala, ndipo akupempha kuweruka msanga. Masamba 1 ndi 2 tikumuona akugwira ntchito, akuseka ndi mwana wa abwana, akupinda zovala mwaluso. Apa ndi pamene woonera amamukonda, ndipo mukathamangira ndewu musanamukondetse, zotsatira zonse zimagwera pansi. Patsamba 3 kamera iona, iye osaona, mwana wa abwana akutenga foni ya mayi ake n'kuibisa m'chidole. Patsamba 4 foni yasowa, geti lakhomedwa, ndipo abwana aimbira alonda a kampani amene ati afika m'mphindi 10. Masamba 5 mpaka 9 ndi nthawi yodikira alondayo: kusecha chikwama, kuvulitsa mpango, mlonda wa pageti amene ndi wakumudzi kwawo kuuzidwa kuti amugwire. Masamba otsala ndi kufika kwa galimoto ndi chimene chitsala foni ikapezeka.

Tsamba 3 lija ndilo injini ya filimu yonse. Katswiri wotsogolera mafilimu, Alfred Hitchcock, ankafotokoza kuti bomba likangophulika pansi pa tebulo anthu akucheza, woonera amadzidzimuka kwa masekondi ochepa, koma mukamuonetsa bombalo pasadakhale, amavutika mtima nthawi yonse ya macheza. Woonera adziwe chimene munthu wanu sakudziwa. Kenaka ikani wotchi: galimoto ikubwera, basi yomaliza inyamuka, batire ya foni yatsala pang'ono.

Wopondereza musamulembe ngati chilombo. Amene amakuwa kuyambira tsamba loyamba saopsa, amangotopetsa. Woopsa ndi amene akulankhula mofatsa, akukhulupirira kuti ndi munthu wabwino, akuti "ife timakutenga ngati wachibale" kwinaku akutsanula chikwama pansi. Ndipo Chichewa chili ndi chida chimene Chingerezi chilibe: kusintha kuchoka pa "inu" kupita pa "iwe". Mwana wa zaka 25 akanena "iwe" kwa mayi wa zaka 50, holo yonse imamva mbama ngakhale dzanja lisanakwezedwe. Sankhani mzere weniweni umene kusinthaku kuchitikire, ndipo kuchitike kamodzi.

Matenda aakulu a masikiriputi a mtundu uwu ndi ulaliki. Tinazolowera masewero a chitukuko amene pamapeto pake wina amaimirira n'kufotokoza phunziro, ndipo dzanja limathamangira komweko. Fufutani mzere uliwonse umene muli mawu akuti "ufulu wachibadwidwe" kapena "tsankho" pokhapokha ngati munthuyo angawanenedi ali pa mpanipani. Riz Ahmed amalankhula molunjika ku kamera kumapeto kwa filimu yake, inde, koma ndi ndakatulo yoluka bwino, ndipo imabwera woonera atasweka kale mtima.

Za nkhanza, ganizani kawiri. Two Distant Strangers inadzudzulidwa ndi anthu akuda ambiri chifukwa choonetsa imfa ya munthu wakuda mobwerezabwereza, ndipo mathero a Skin, pamene bambo wachizungu womenya uja amudinda thupi lonse kuti lide, anakhumudwitsa ena. Mphoto siinatseke pakamwa odandaulawo, ndipo anali ndi mfundo. Dzifunseni kuti chithunzi chilichonse cha kumenya chikutumikira ndani. Nthawi zambiri nkhope ya woonerera, ndi phokoso lochokera kunja kwa chithunzi, zimapweteka kuposa chibakera chooneka. N'zotsika mtengonso.

Musanayatse kamera

Gulu la anthu asanu ndi awiri likwanira: wotsogolera, wojambula ndi womuthandiza, wa mawu, woyang'anira nthawi ndi ndondomeko, wa zovala ndi katundu, ndi wa chakudya ndi mayendedwe. Gulu laling'ono limajambula masamba atatu kapena anayi pa tsiku ngati likufuna ntchito yabwino, ndiye sikiriputi ya masamba 12 ndi masiku anayi, kuphatikiza limodzi losungira mvula kapena kuzima kwa magetsi. Chakudya musachichepetse, wosewera wanjala amayamba kuiwala mizere ikamakwana 2 koloko.

Osewera ambiri abwino kuno anakulira pa siteji ndi pa wailesi, kumene mawu ndi manja zimayenera kufika kumpando wakumbuyo. Kamera ili pafupi, imaona ngakhale kumeza malovu. Poyesa osewera, ajambuleni nkhope yokha akumvetsera mnzawo osalankhula. Amene maso ake akugwira ntchito ali chete ndiye wanu. Yesererani masiku awiri kapena atatu pamalo enieniwo. Pa zochitika zonyoza kapena kusecha thupi, gwirizanani pasadakhale pamene dzanja lifike ndi pamene lisafike, ndi liwu limene aliyense anganene kuti zonse ziime. Aliyense wooneka asaine chikalata chololeza, ndipo mwana amusainire kholo.

Pitani ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu, mukafunse za chilolezo chojambulira ndi choonetsera filimu pagulu, ndipo mwini malo akupatseni chilolezo cholemba. Yunifolomu ya apolisi kapena asilikali sivalidwa mwachisawawa. Lembani kalata ku polisi, kapena pekani kampani ya alonda yokhala ndi yunifolomu ndi dzina zimene kulibe.

Chinthu chimene mabuku akunja sangakuuzeni ndi ichi: musajambule munthu akuthamangitsidwa kapena wina akukuwa kuti "wakuba!" pamsewu anthu a m'deralo asanadziwe. Odutsa saona kamera, amaona wakuba, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu limachita. Dziwitsani amfumu, wapampando wa msika ndi polisi ya pafupi, ikani anthu anu ovala zowala kumapeto onse a msewu, ndipo kukuwako mukajambule padera m'chipinda, pamsewu wosewera angotsegula pakamwa. Mfuti yeniyeni isafike pamalo ojambulira ngakhale itakhala yopanda zipolopolo. Mu October 2021 wojambula Halyna Hutchins anafa ku New Mexico pa filimu ya Rust ndi mfuti imene anthu ankayesa kuti ilibe chipolopolo chenicheni. Gwiritsani ya pulasitiki kapena ya mphira, moto ndi kulira kwake muziike pa kompyuta. Mpeni ukhale wobuntha. Magazi amapangidwa ndi golden syrup, utoto wofiira wa zakudya ndi kaufa pang'ono ka koko kuti ade. Yesani pa nsalu kaye chifukwa amathimbirira, ndipo gulani zovala ziwiri zofanana kuti muthe kubwereza.

Kujambula

Magetsi a kuno ndi a 50 Hz, choncho ikani kamera pa mafulemu (zithunzi) 25 pa sekondi ndi shutter (nthawi imene kamera imalandira kuwala pa chithunzi chilichonse) ya 1/50 ya sekondi. Mukasiya pa 30 ndi 1/60, monga mafoni ambiri amabwerera, mababu ena amaphethira ndipo pachithunzi pamayenda mizere imene simungaichotse bwino pambuyo pake. Tsekani exposure (kuchuluka kwa kuwala), focus (pamene chithunzi chikuoneka bwino) ndi white balance (kayezedwe ka mitundu) kuti zisamasinthe zokha pakati pa shoti. Foni yabwino ikhoza kugwira ntchito masana ngati muli ndi pulogalamu yolola kutseka zimenezi. Usiku imadzaza chithunzi ndi timadontho.

Khungu lakuda limafuna chisamaliro chimene kamera yosiyidwa payokha sipereka. Imayeza kuwala pa khoma loyera kapena thambo la kumbuyo, nkhope n'kusanduka mthunzi. M'filimu yokamba za tsankho, kulephera kuonetsa maso a munthu wakuda ndi manyazi aakulu. Yezani kuwala pa nkhope. Musamuike kutsogolo kwa zenera lowala popanda chobwezera kuwala; chibodi choyera cha styrofoam kapena nsalu yoyera ya mita imodzi, yogwiridwa pafupi ndi nkhope, imakwanira. Kuwala kofewa kochokera m'mbali kumaumba nkhope bwino kuposa nyali yolunjika. Kunyezimira pang'ono kwa khungu musakuphe konse ndi paudala, chifukwa ndiko kumaonetsa maonekedwe a masaya ndi chipumi. Mukakhala ndi wakhungu loyera ndi wakhungu lakuda m'chithunzi chimodzi, wakuda akhale kufupi ndi nyali: mtunda ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsika kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye kusuntha munthu theka la mita kumakonza zambiri. Dzuwa la pakati pa 11 ndi 2 koloko limaika maenje akuda m'maso. Nthawi imeneyo jambulani za m'nyumba.

Kamera iyambe patali ndi modekha, iziyandikira pamene zinthu zikuthina. Mukayamba ndi nkhope yodzaza sikirini pa mphindi yoyamba, mulibenso kopita pa mphindi ya 9. Chimodzimodzi kugwedeza kamera pamanja: kusungireni nthawi imene dziko la munthu wanu lagwedezeka. Anthu awiri akamalankhulana, ganizirani mzere wowalumikiza ndipo kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo. Mukaudumpha, onse amaoneka ngati akuyang'ana mbali imodzi ndipo kulimbana kwa maso kumatha. Jambulaninso tizinthu: dzanja pa loko, kiyi m'thumba, chikwama chotsanulidwa, wotchi ya pakhoma. Timeneti ndi timene timakupulumutsani podula.

Mawu ndiwo amagwetsa mafilimu ambiri a kuno pa zikondwerero. Woonera amakhululuka chithunzi chakuda pang'ono, koma mawu omveka ngati a m'chitsime amamuchotsa m'nkhani. Maikolofoni ya pa kamera ingokuthandizani kulumikiza. Mawu enieni atengedwe ndi maikolofoni ya pa ndodo, masentimita 30 mpaka 50 pamwamba pa mutu, yoloza pakamwa, pa 48 kHz, mawu okwera akufika cha pa -12 dB kuti wosewera akakuwa asang'ambike. Wa mawu avale mahedifoni nthawi zonse. Zimitsani firiji, ndipo ikani kiyi wa galimoto m'kati mwake kuti musaiwale kuiyatsa pochoka. Jenereta ikhale kutali, kuseri kwa khoma, pa chingwe chachitali. Nyumba ya malata yopanda siling'i imalira mvula ikangowaza, imathetheka dzuwa likatentha, ndiye iyendereni nthawi yomwe mudzajambule, mumve ngati pafupi pali chigayo, tchalitchi cha zokuzira mawu kapena bawo ya phokoso. Musanachoke m'chipinda chilichonse, aliyense akhale chete mujambule mphindi imodzi ya mpweya wa chipindacho. Podula, mpweya umenewu ndi umene umamata mipata. Popanda iwo, mawu amadukaduka ngati wailesi ya batire yofooka.

Kanema wa 4K pa 100 Mbps amadya pafupifupi 45 GB pa ola. Filimu ya mphindi 12 yojambulidwa kakhumi kuposa utali wake ndi maola awiri, pafupifupi 90 GB, osawerengera mawu. Madzulo alionse koperani pa ma hard drive awiri, ndipo agone m'nyumba zosiyana. Khadi lisafufutidwe musanatsegule mafayilo okopedwawo n'kuona kuti akusewera.

Kudula, nyimbo ndi mawu a pansi

Pulogalamu ya pa kompyuta ya DaVinci Resolve ili ndi mtundu waulere wokwanira kudula, kukonza mitundu ndi mawu. Laputopu ikamalemedwa, pangani ma proxy, makope opepuka a kanema odulira. Kudula koyamba kumatalika nthawi zonse. Lowani m'chochitika chilichonse mochedwa, tulukani msanga: moni wa pakhomo ndi kutsanzikana zichoke pokhapokha ngati muli mbola m'menemo. Koma pamene woonera akudikira choopsa, chedwani dala. Masekondi atatu owonjezera pa nkhope ya mayi uja akumva galimoto ikuima panja amaposa nyimbo iliyonse. Onetsani anthu asanu amene sanawerenge sikiriputi, musawafotokozere kanthu, muone pamene agwira mafoni awo. Pamenepo ndi podula.

Nyimbo ikhale yochepa. Kulira kwa geti, agalu a kwa aneba, wailesi ya mlonda imene izima mwadzidzidzi, zimagwira ntchito kuposa ng'oma zoopseza. Nyimbo ya munthu wina imafuna chilolezo cholemba cha mwini nyimbo ndi cha mwini kujambula kwake. COSOMA, bungwe loteteza ufulu wa eni nyimbo, ikhoza kukulozerani eni ake. Zikondwerero zimafunsa za ichi, ndipo YouTube imatha kutseka filimu chifukwa cha nyimbo ya masekondi ochepa yomveka pa wailesi ya m'chithunzi. Njira yachidule ndi kupangana ndi woimba kuti akupekereni yanuyanu, pa pepala.

Mawu a Chingerezi a pansi pa chithunzi asapitirire mizere iwiri, zilembo pafupifupi 42 pa mzere, ndipo akhale nthawi yoti munthu awerenge n'kuonanso nkhope. Asungeni m'fayilo ya SRT (yosunga mawuwo ndi nthawi yoonekera) padera, chifukwa chikondwerero cha ku France kapena ku Burkina Faso chidzafuna kuikapo Chifalansa. Apa ndi pamene "iwe" uja amasowa, poti Chingerezi chili ndi liwu limodzi pa zonse ziwiri. Womasulira apeze njira ina, monga kuchotsa ulemu wa dzina pa mzere womwewo, ndipo podula muonetse nkhope ya wonyozedwayo kuti mlendo aone kuti china chake chathyoka.

Kutumiza ku mipikisano

Musaike filimu pa YouTube kapena Facebook tsiku limene mwamaliza. Zikondwerero zina zazikulu, kuphatikizapo Cannes, zimafuna filimu imene sinaonetsedwe pa intaneti, ndipo mukaitulutsa simungaibwezenso. Ikani pa Vimeo ndi pasiwedi kapena pa FilmFreeway, kumene zikondwerero zambiri zimalandirira mafilimu. Konzani zithunzi zitatu kapena zisanu zabwino zochokera m'filimu, positala, chidule cha mizere iwiri, ndi mbiri yaifupi ya wotsogolera. Oonetsa m'holo za kanema amafuna DCP, mtundu wa fayilo umene makina awo amasewera, imene mungapange ndi pulogalamu yaulere ya DCP-o-matic, koma iyeseni isanatumizidwe.

Yambani ndi zazikulu zofuna filimu yatsopano, monga Clermont-Ferrand ku France imene ndi ya mafilimu aafupi okhaokha, kenaka mutsike. Mu Africa muli FESPACO ku Ouagadougou, imene imachitika kamodzi pa zaka ziwiri, Durban International Film Festival, Zanzibar International Film Festival, ndi mphoto za Africa Movie Academy Awards. Njira imodzi yolowera ku Oscar ndi kupambana mphoto yoyenerera pa chikondwerero chimene chili pa mndandanda wa Academy, bungwe lopereka Oscar, ndipo mndandandawo umasintha, choncho uonani chaka chimene mukutumiza. Zikondwerero zambiri zimalipiritsa m'madola, mtengo n'kumakwera tsiku lotseka likamayandikira. Tumizani m'chigawo choyambirira, ndipo lembani kalata yaifupi yopempha kuti akuchotsereni malipiro, yonena dziko limene filimu yachokera, chilankhulo chake ndi utali wake, pamodzi ndi linki. Ena amavomera. Chenjerani ndi "zikondwerero" zopereka mphoto mwezi uliwonse popanda holo kapena oonera: musanalipire, fufuzani zithunzi za chionetsero chawo cha chaka chatha ndi mayina a mafilimu amene anaonetsa.